Katupe wa Katumbu

Padangokhala, chaka chimene mvula idakana, mumtsinje mudatsala dziwe limodzi lokha. Katumbu, atatopa ndi kuthamangitsa nsomba, adasinja katupe, chitsamba chopha nsomba, kuti athire m'dziwemo.

Chule adamugwira mwendo. "Achimwene, chonde! Ana anga ali m'madzimu, miyendo sinamere. Athawira kuti?"

"Ine ndikufuna ndiwo, za ana anuzo sizikundikhudza," adayankha Katumbu, nkukhuthula katupe yense.

Nsomba zidayandama mimba zili m'mwamba, ana a Chule nawonso. Katumbu adatola nsomba zodzaza dengu, nkuthamangira kuphanga kwake akuimba, kuti mwana wake akadye.

Koma mwanayo mudalibe m'phangamo. Ludzu lidali litamutsitsira kudziwe kuja.

Katumbu adakamupeza ali gone m'mphepete mwa madzi, Chule akumuingitsira ntchentche.