Ameni wa Pafoni

Chaka chachiwiri chivotereni zipani zambiri, pa Lizulu, pakati pa milu ya kachewere ndi kabichi, Gracian adagwira dzanja la mkazi wake Enelesi anthu akuona. Basi ya ku Joni inali ikulira kale.

"Nangozo," adamuitana ndi mfunda wake, "tsiku limene ndidzabwere, ndisanamwe ndi madzi omwe, tidzagwada limodzi n'kuthokoza Mulungu. Ndipo tidzatero tsiku lililonse mpaka imfa."

Enelesi adasunga mawuwo monga mbewu ya kutsindwi. Adalima yekha munda wa kwa Champiti, adalera yekha ana, adayimba yekha m'gulu la amayi kutchalitchi. Poyamba nkhani za mwamuna wake zinkabwera ndi anthu obwerera kumudzi, mochedwa koma zonona. Kenaka kudabwera foni, ndipo nkhani zidayamba kufika msanga, zowonda ngati galu wa m'chilimwe.

Musanamizire munthu, Gracian sadataye Mulungu ku Joni. Adachita kumuonjezera. Adalowa mpingo wa mneneri wina wa kumeneko, wa suti yonyezimira ngati malata atsopano, ndipo mapemphero ake sankaphonya. M'mawa uliwonse foni ya Enelesi inkalira: vesi lokutidwa ndi maluwa, nkhunda ikuuluka pamwamba. Amayi anzake ankachita nsanje. Amuna awo ankatumiza fungo la kachasu basi.

Lamulungu lina, patapita zaka zambiri, Enelesi adakhala m'khitchini kuseri kwa nyumba, moto utazima, dzanja lili pabere lamanzere. Chotupa chimene chinali m'beremo chidakula. A kuchipatala chaching'ono adamutumiza kuchipatala chachikulu, ndipo kumeneko adati abwerenso Lolemba, lomwe tsopano linali mawa lake, adzamuchite opaleshoni. Mpeni sankauopa kwambiri. Ankaopa kukagona patebulo la dokotala mwamuna wake asanamupempherere ndi pakamwa pake, kutchula dzina lake.

Dailes, mchemwali wa Gracian, adasuzumira pakhomo atavala kale za kutchalitchi.

"Alamu, mwawauza achimwene?"

"Ndiwauze nthawi yanji? Ndikati ndiyambe, akuti tadikirani, mneneri akuyankhula."

"Ndiye ajambulireni mawu, muwatumizire. Achimwene ukafuna akumve, uyambe walowa m'foni. Ngakhale nkhuku itafuna kuwauza kuti yaikira, igule kaye bando ya intaneti."

"Nkhani ngati iyi, alamu, pafoni?"

"Nanga za ukwati wa Tisungane, mwana wawo yemwe, adazimvera pati? Fulumirani, belu lalira."

Lidaliradi, belu lakalekale lija, chitsulo cha gudumu la lole chopachikidwa pamtengo. Kale likalira, mudzi wonse unkatsika phiri ngati nkhosa. Masiku ano limaitana okalamba ndi omwe foni zawo zatha moto.

Dailes atapita, Enelesi adapukuta foni pachitenje, n'kudina. Mawu adayamba kukana, kenaka adasefukira. Adanena za chotupa, za usiku umene ankatembenuka osagona, za mantha ake. Adanena kuti sakupempha ndalama. Pomaliza adati: "Bambo a Tisungane, ndikungofuna mundipempherere inuyo. Osati mneneri. Inuyo, ndimve mawu anu."

Adatumiza. Timizere tiwiri ta pansi pa uthengawo tidasanduka tabuluu nthawi yomweyo, kusonyeza kuti wauona, ndipo mtima wake udadumpha ngati wa namwali.

Yankho lidafika asanabweze ndi mpweya womwe. Munthu sakadatha kumvera ngakhale theka la uthengawo. Kanali kachithunzi ka manja awiri ogundana, ndi Ameni wa zilembo zikuluzikulu. Pansi pake padatsatira kanema wa mneneri akuloza chala, thukuta lili kamukamu, ndi mawu akuti: tumizirani anthu khumi, chozizwa chanu chili m'njira.

Enelesi adayang'ana timanja tija nthawi yaitali. Tinali toyera bwino, topanda zikanga, tosagwirapo khasu kapena dzanja la munthu. Adaika foni pamtondo, n'kugwada pansi pafupi ndi mafuwa. Adayamba Atate Wathu monong'ona, monga ankachitira zaka zonsezi.

Adafika pa "kufuna kwanu kuchitidwe" pamene mawu adamveka kuchokera pakhonde, kutsogolo kwa nyumba.

"Nangozo! Tchaja yanga mwaiika kuti? Mneneri akuyamba!"

Gracian adabwerako ku Joni dzinja la dzana. Sadagwadepo limodzi.