A Ndandanda ndi Nsanja ya pa Kalendala

Panali munthu wina amene ankagwira ntchito pa depoti ya mabasi, ndipo amene wanditumizira nkhaniyi akuti inachitikadi. Ntchito yake inali yolemba nthawi: basi iyi inyamuke sikisi, iyo ifike teni. Anzake ankangomutchula kuti a Ndandanda, chifukwa ngakhale tiyi ankamwa diso lili pa wotchi.

Akazi awo anali telala. Kukhitchini kwawo kunali kalendala yakale, ya chaka chimene anakwatirana, ndipo mayiwo ankakana kuichotsa. Panali chithunzi cha nsanja yoyera yowunikira sitima zapamadzi, itaima pathanthwe m'mphepete mwa nyanja yamchere.

"Bambo, ndisanafe ndidzaione nsanja imeneyi ndi maso angawa," ankatero.

"Osati nsanja yokha," anayankha a Ndandanda atapuma pantchito. "Msewu umenewo umadutsa m'matauni asanu akalekale. Tidzaona onse, mwadongosolo."

Anagula mapu ndi buku lachikuto cholimba. Tauni yoyamba ili ndi linga ndi mizinga ya dzimbiri. Yachiwiri ili ndi nyumba zamiyala ndi tinjira topapatiza. Analemba zonse: pomwetsa mafuta, pogona, pokhota msewu kuti madzi aoneke bwino, ngakhale mphindi zojambulitsa.

Chaka choyamba anamva kuti mlatho wina akuukonza, ndipo kuzungulira kuwononga mphindi makumi anayi. Anati adikire. Mlatho utatha, anapeza kuti linga lija satsegula Lolemba. Anang'amba masamba asanu n'kuyambiranso. Kenako inali miyezi ya nkhungu. Kenako galimoto ya alamu awo, imene ankafuna kubwereka, inafunika matayala atsopano.

Nthawi yonseyi mayi aja anali atayamba kuphonya bowo la singano. Kenako anayamba kuthira tiyi pambali pa kapu. Makina osokera anawafunditsa nsalu.

Mwana wawo wamkazi, amene anali namwino, anawapeza bambo ake ataweramira mapu.

"Bambo, adokotala ati shuga ikuwononga maso a amayi. Pitani mwezi uno. Kwerani basi, mukaone nsanja yokhayo."

"Basi? Iwe mwana, mabasi ndimawadziwa ine. Saima pamalo okongola."

"Maso sadikira matayala, bambo."

"Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ulendowu ndi umodzi, uyenera kuyenda bwino."

Alamu awo nawonso anayesa. "Alamu, galimoto ndi iyo, matayalawo akafika. Kapena bukulo ndi limene mukufuna kulikwatira?" A Ndandanda anangoseka n'kusongola pensulo.

Chaka chachinayi zonse zinakwanira. Ananyamuka sikisi ndendende. Msewu unali wokongola monga mapu ananenera, mapiri kumanja, madzi kumanzere. Pa linga lija a Ndandanda analoza mizinga.

"Mwaona, mayi?"

"Eee, n'zokongola."

"Chabwino, tatsala ndi mphindi zitatu."

M'tinjira ta tauni yachiwiri mayiwo anagwira mkono wa malaya a amuna awo osausiya. A Ndandanda anaganiza kuti ndi chikondi cha paulendo, ndipo anakondwa. Tauni yachitatu, yachinayi, yachisanu, yankho linali lomwelo: "N'zokongola." Iwo ankangochonga m'buku.

Tsiku lachitatu anafika pa nsanja ija folo koloko, osachedwa ngakhale mphindi imodzi. A Ndandanda anawatsitsa akazi awo, n'kubwerera kukakiya galimoto. Potembenuka anaona mayiwo ataima okha, manja pachifuwa, akumwetulira.

"Ndi yoyeradi, bambo. Ngati pa kalendala paja."

Koma nyanja inali kumbuyo kwawo. Nsanja inali kumbuyo kwawo. Chimene ankayang'ana chinali khoma la chimbudzi cha alendo, lopakidwa laimu.

Makiyi anagwa m'manja mwa a Ndandanda.

"Mayi, zayamba liti?"

Kumwetulira kuja kunatha. "Mwezi uja munkadikira matayala. Ndimangoona zoyera ndi zakuda."

"Nanga osandiuza bwanji?"

"Ndinakuuzani kawiri. Munati ndidikire mumalize tsamba."

A Ndandanda anawayandikira. Anawagwira mapewa n'kuwatembenuza pang'onopang'ono kuti ayang'ane kumadzi. Mphepo inakupiza mpango wa mayiwo.

"Musalire, anthu angatiseke," anatero mayiwo. "Mafunde ndikuwamva. Tsegulani buku lanulo, mundiuze zimene ndikuona."

Anatsegula tsamba lomaliza. Panali mizere itatu yokha. Kufika, 4:00. Kujambulitsa, mphindi 12. Kunyamuka, 4:30. Zaka zinayi zonse, sanalembepo mawu amodzi onena za maonekedwe a chinthu.

Anatseka bukulo n'kuyang'ana m'mwamba.

"Ndi yayitali," anatero.

"Komanso?"

"Ndi... yoyera."

Mayiwo anagwedeza mutu. "Zimenezo ndikuzidziwa kale, bambo. Ndinaziona kukhitchini."

Akuti 4:30 inakwana n'kudutsa, awiriwo ali chiimire pomwepo. Aka kanali koyamba m'moyo wawo a Ndandanda kuphonya nthawi yonyamukira.

Phunziro: Amati chakudza sichiimba ng'oma, koma ichi chinaimba, mwini wake ndiye anali kalikiliki ndi pensulo. Ukalonjeza munthu chinthu, chita akadali ndi maso ochionera ndi miyendo yoyendera, ngakhale chikhale chaching'ono kuposa mmene umafunira. Ine nditangowawerengera bambo anga nkhaniyi anati tilongedze, Loweruka lomwe lino tikuwatenga amayi kumene akhala akuwalonjeza chibadwire ine! Ndiye musaisunge, itumizeni kwa aliyense amene amakonda kunena kuti "tidzapita zinthu zikadzakhala bwino."