Opatsira Sipanala

Jipi ya Eudocia inathyoka sipuling'i pakati pa minda ya khofi kutada kale. Kumbuyo kunagona mng'ono wake Yolima, matenda a uchembere atamuyamba, ndipo chipatala chinali kuseri kwa phiri.

Eudocia anatuma mlamu wake Nemesio kukasaka mtengo wochirikizira galimoto. Eudociayo anakwawira pansi pa galimotoyo m'matope, tochi ataipana ndi chibwano, n'kuyamba kumanga sipuling'i yakale imene ankayenda nayo. Posakhalitsa anamva mapazi pambali pa tayala.

"Mwabwera, alamu? Patseni sipanala yaing'onoyo."

Dzanja linalowa n'kumupatsa.

"Tsopano yaiku..." Sipanalayo inafika asanamalize kunena.

"Lero mwachangamukatu. Masiku onse ntchito yanu ndi kutafuna zitumbuwa za arepa basi."

Kenaka mawu a Nemesio anamveka kutali kumunsi, cha kumtsinje.

"Alamu, mtengo uja ndaupeza! Ndikubwera!"

Eudocia anatembenuza mutu pang'onopang'ono. Pambali pa tayala panaima mapazi opanda nsapato. Mvula imagwa, koma mapaziwo anali ouma, ndipo sanamire m'matope.

Pamwamba pake Yolima anabuula, akuitana dzina la mkulu wake. Panatsala manati awiri okha. Eudocia anatambasula dzanja.

"Kaya ndinu ndani, mwanayo sabadwira pamsewu pano. Patseni natiyo."

Nati inaikidwa m'manja mwake, yozizira. Zala zimene zinaibweretsa zinatsala pomwepo, n'kuyamba kusisita dzanja lake.