Nanzikambe Wojambula ndi Pakamwa pa Tambala

Padangokhala, inu muli pomwepo, Nanzikambe anapeza kamera yakale n'kuyamba kujambula makanema. Poti ankafanana ndi masamba, nyama zinkachita zawo osadziwa kuti zikujambulidwa. Mnansi wake Tambala ankajambulanso, koma m'makanema ake munkaoneka iye yekha, akutambasula mapiko.

"Achimwene," anatero Tambala, "kanema wosalengeza ndi dzira loikira kutchire. Adzakudziwani ndani?"

"Ntchito idzandinenera," anayankha Nanzikambe, ngakhale mumtima ankadandaula, pakuti panalibe womuitana ndipo ankaganiza zosiya.

Pa mpikisano wa makanema pansi pa mkuyu, kanema wa Tambala anayasamulitsa nyama zonse. Kenaka panabwera wa Nanzikambe, woonetsa mayi Nungu akuphunzitsa mwana wake kukumbatira popanda kubaya. Ngakhale Fisi anapukuta misozi.

"Mwini kanemayu abwere kutsogolo adzalandire mphoto!" anaitana Njovu, woweruza.

Nanzikambe anapitadi, koma manyazi anamusandutsa mtundu wa dothi. Njovu anaitana, kuitananso, n'kuyamba kubweza mphoto m'thumba.

Apo Tambala anakupiza mapiko. "Kokoliriko! Si uyu ali pamapazi panuyu! Musamuponde, agogo!"

Nyama zinaseka n'kuomba m'manja, Nanzikambe anafiira ndi chimwemwe, ndipo zonse zinamuona. Kutacha, Njuchi zomwe sizilola mlendo zinatumiza uthenga woti adzajambule moyo wa m'mng'oma mwawo.

Popita kumeneko Nanzikambe anaima pakhomo pa Tambala.

"Achimwene, ndikamaliza kanema uyu, mudzalire mokweza kuposa dzulo."

Apa ndiye nthano yanga yatsikira pansi.