Ndasema Ndekha, Bwana

"Dulani kotsalako! Atcheyamani afika mawa," anakalipa a Namakhwa, kapitawo wa akalipentala pa esiteti ya tiyi.

"Koma bwana, maenje a bawo amakhala asanu ndi atatu pamzere," anatero Wyson, mmodzi wa akalipentalawo. "Ife tasema asanu ndi awiri. Tipatseni tsiku limodzi."

"Akawerenga ndani? Kapitawo ndiwe?"

Munthu wake ndi ameneyo. Chibadwire a Namakhwa sanasewereko bawo, sompho sanaligwirepo, ntchito kuloza ndi chala basi, mimba patsogolo, uku akulota zokwezedwa. Wyson anadula thabwa la bawolo, lomwe linali mphatso ya atcheyamani, anzake n'kulipaka vanishi.

Kutacha, a Namakhwa anawathamangitsira akalipentala onse kuseri kwa shedi, ati akununkha thukuta. Wyson ankasuzumira pamng'alu pamene kapitawoyo ankapereka yekha mphatsoyo atagwada.

Atcheyamani a chipani, katswiri wa bawo Chitakale yonse, anayendetsa chala pamaenjewo. Anabwerezanso. Nkhope inasintha, anyamata a yufi a chipanicho n'kusendera pafupi.

"Wasema ndani chimenechi?"

A Namakhwa anamwetulira, mano onse pamtunda.

"Ndekha, bwana, ndi manja angawa. Palibe wandithandiza ngakhale mmodzi."