Chitenje Pakati pa Mphasa

Lamulo latsopano linati masewera a pakanema azituluka gawo limodzi pamwezi, ndipo gawolo lizitseguka pokhapokha banja lonse litakhala pamodzi. Bambo Mphadzula anakondwera, pakuti ana analeka kudya akuthamanga. Vuto linali mkamwini watsopano, Malizani, amene mwaulemu sakanakhala mphasa imodzi ndi apongozi ake aakazi.

"Bambo, tikaphonya lero, ngwazi yathu ilendewera pamlatho mwezi winanso!" anadandaula Tiyanjane, mkazi wa Malizani.

"Ulemu sutha chifukwa cha masewera," anatero mkuluyo, napachika chitenje pakati pa Malizani ndi apongozi akewo.

Kanema anawerenga nkhope zonse, gawo linatseguka, Malizani nayamba kuyendetsa ngwaziyo. Posakhalitsa mayi a Tiyanjane anafuula kuseri kwa chitenjecho: "Lumphani, apongozi, lumphanitu!"

"Ndalumpha kale, amayi!" anayankha Malizani.

Bambo Mphadzula anatsokomola mwaulemu, kubisa kuseka.