Njinga ya Padenga

Galimoto inatsokomola kawiri n'kungoti zii, njinga ili njo padenga, yomangidwa ndi malamba.

"Basi, lero sindikapalasa," anatero bambo wa pakhomopo, akuvula chipewa chake cholimba.

Mkazi wake, namwino, anangoluma mlomo, chikwama chili m'manja, nthawi yolowa ntchito ikutha. Loweruka lililonse bamboyu ankamusiya kuchipatala, n'kupitirira ndi njinga padenga kukapalasa ndi anzake kunja kwa tauni. Pobwera ankadzitama kuti banja lake linasiya kudalira galimoto.

Mayiyo anakoka mpando wa pakhonde, nakwerapo, n'kuyamba kumasula malamba.

"Mayi, mukutani? Dikirani makaniko. Imeneyo si njinga yopitira kuntchito!"

"Nanga ndi yopitira kuti, bambo? Chiigulireni sinatulukepo pageti ndi matayala ake."

"Matayalawo ngopyapyala! Msewu wathuwu siiudziwa, maenje okhaokha!"

Anaitsitsa, nakoleka chikwama kumsana, n'kutsomphola chipewa chija m'manja mwa mwamuna wake. Chishalo chinamutalikira, koma anakwera chomwecho, akupalasa ndi nsonga za nsapato.

"Iudziwa lero," anatero ali pageti. "Inu tsalani mudwazike galimoto yanuyo. Ine odwala anga akundidikira."